Mufufuzeni Amene Anawoloka Ruo

Adzukulu anga a ku Thyolo, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu, ndi inunso amene munabadwira ku Ndirande kapena ku Area 25 koma maliro akagwa mumathamangira kumudzi, ndili nanu mawu. Munda umene amayi anu amabzalamo nandolo unayamba ndi munthu. Alipo amene anafika pamalopo pali thengo, natema mitengo, nazula zitsa, namanga chisakasa choyamba. Kwa ambiri a ife Alhomwe munthu ameneyo sali kutali ayi. Ndi agogo awo a agogo anu, ndipo anawoloka Ruo kapena kulambalala nyanja ya Chilwa mtolo uli pamutu. Ndikufuna mumufufuze, mudziwe dzina lake, kumene anachokera ndi chimene chinamuthamangitsa, pamene anthu amene analeredwa ndi ana ake akadali moyo.

Poyamba dziwani nyengo imene iye anakhalamo, apo ayi mudzamva nkhani za agogo koma osazimvetsa. Kwawo kwa Alhomwe ndi kum'mawa, m'dziko la Mozambique, m'madera ozungulira phiri la Namuli cha ku Gurue. Ena anali atafika kale kuno malire asanadulidwe, nakhala pansi pa mafumu a Chiyao ndi a Chimang'anja. Mu 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anagawana dziko, mtsinje wa Ruo n'kusanduka malire. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, pamene Apwitikizi ankakhwimitsa ulamuliro kutsidyako, anthu anayamba kuwoloka mbumba yathunthu nthawi imodzi. Ankathawa msonkho, ntchito yokakamiza, asilikali otentha midzi, ndi thabwa lija lobowolabowola lomenyera m'manja mpaka manja kutupa. Ena inali njala. Kalembera wa 1921 anapeza Alhomwe oposa 120,000 mu Nyasaland, ndipo pofika kalembera wa 1945 anali pafupifupi 380,000.

Kuno sanapeze dziko lopanda mwini. Malo aakulu a ku Thyolo, ku Mulanje, ku Chiradzulu ndi ku Zomba anali atalembedwa kale m'maina a azungu m'zaka zoyambirira za ulamuliro wa Harry Johnston, ndipo eni minda ya khofi, kenako ya thonje, fodya ndi tiyi, ankasowa antchito. Mlendo wopanda pogwira ndiye ankawakomera. Ankamupatsa pomanga ndi polima, iye n'kumalipira ndi thukuta, mwezi wa lendi ndi mwezi wa msonkho, mwezi wakenso wotalika malinga ndi mmene kapitawo wachongera tikiti. Ndiyo thangata imeneyo, ndipo inatha mwalamulo mu 1962. Ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, inafika poipa moti bwana wa pamalopo, William Jervis Livingstone, anaphedwa pa kuukira kwa John Chilembwe mu Januwale 1915. Ena mwa owolokawo sanalowe m'maesiteti, anakagwada kwa mfumu ya Chimang'anja kapena ya Chiyao kupempha malo. N'chifukwa chake funso lanu loyamba likhale lakuti, anafikira kwa yani? Yankho lake ndi limene lidzakuuzeni koyang'ana.

Musayambire kwa amfumu, musayambirenso m'mapepala. Yambirani kwa azimayi okalamba a m'mbumba yanu. Kwathu kuno mwamuna ndi mkamwini: amabwera kudzakwatira, ndipo banja likatha kapena mkazi akatisiya amanyamula zake n'kubwerera kwawo. Otsala pamalo ndi akazi, mayi kusiyira mwana wake wamkazi munda, mwanayonso kusiyira wake. Mukatsata dzina la abambo lija lili pachiphaso chanu, mudzayenda mibadwo iwiri n'kupezeka muli m'mudzi wa eni kumene sakukudziwani. Tsatani bere la amayi anu: amayi, agogo, amayi awo a agogo, mpaka mutafika pa mkazi amene anawoloka ndi mlongo wake amene ankatsogolera mbumbayo. Midzi yambiri ya kuno inayamba motero, akazi apachibale ndi mlongo wawo. Za kuchimuna mudzazifufuzanso, koma ulendo wake ndi wina, wa kumudzi wa amayi awo a abambo anu.

Kafunsidwe kake nako n'kofunika. Mukapita ngati a kalembera, kope m'manja, n'kuyamba ndi kuti agogo munabadwa chaka chanji, adzakuyankhani kuti kalekale, nkhani n'kuthera pomwepo. Tengani kasopo, kashuga ndi kamchere, khalani pamkeka, kokani lichero muwathandize kutong'ola chimanga. Funsani zazing'ono. Amayi awo ankatunga kuti madzi? Mbewu ya chinangwa ichi anabwera nayo ndani? Kalongonda anawaphunzitsa kuphika ndani, ndipo ankati madzi ake azitayidwa kangati? Maliro a kumbumba ino akachitika kale, uthenga unkatumizidwa kumidzi iti? Funso lomalizali musaliiwale, chifukwa midzi imene inkalandira uthenga wa maliro ndi ya anthu amene anawolokera pamodzi n'kudzabalalikana kuno. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku loyamba adzakuuzani za matenda awo ndi za mdzukulu amene sakutumiza ndalama, ndipo mumvetsere zimenezo ndi mtima wonse. Zimene mwadzera zimatuluka ulendo wachiwiri kapena wachitatu, nthawi zambiri madzulo pamoto, mwina pamene mchemwali wawo wabwera n'kuyamba kutsutsana nawo.

Agogo anga aakazi sankatha kutchula chaka chilichonse. Koma ankanena kuti amayi awo anawoloka mtsinje ali kumsana, madzi akulekeza m'chiuno mwa owabereka, ndipo kuti mbuzi inatsala kutsidya ili chimangire pachikhomo. Kamwana kangaseke nkhani yotereyi, koma inu muisinkhesinkhe. Madzi a m'chiuno akutiuza kuti chinali chilimwe, pakuti Ruo wa dzinja sawoloka munthu wobereka mwana. Mbuzi yosiyidwa pachingwe ikutiuza kuti sanatsanzike, ananyamuka mothawa. Ankanenanso kuti amayi awowo anali atangotha msinkhu pamene asilikali ankasaka anthu a Chilembwe m'midzi. Wotha msinkhu mu 1915 anabadwa cha m'ma 1900, ndiye kuti kuwolokako kunachitika zaka zochepa 1900 itangodutsa. Umu ndi mmene zaka zimapezekera kwa anthu amene analibe kalendala. Muziwafunsa kuti chakuti chinachitika njanji itafika kale kapena isanafike, pakuti sitima inayamba kufika ku Blantyre kudzera ku Luchenza mu 1908. Tengatenga wa nkhondo yaikulu yoyamba ndi wa 1914 mpaka 1918, ndipo fuluwenza imene inapulula anthu inabwera nkhondoyo ikutha. Napolo wa ku Zomba ndi wa Disembala 1946, njala yaikulu ndi ya 1949, zipolowe za ku Thyolo ndi za 1953. Mukamva za Napolo funsitsani kuti ndi uti, chifukwa wa ku Phalombe ndi wa 1991.

Chimene chidzakuzunguzeni mutu ndi maina. Munthu mmodzi ankatha kukhala ndi maina anayi: laubwana, lakuchinamwali, lapantchito ndi laubatizo. Lapantchito nthawi zina ankachita kupatsidwa ndi bwana wolephera kutchula lenileni, n'chifukwa chake muli mabanja otchedwa ndi maina a ziwiya za m'khitchini. Ena ankasintha dala dzina atawoloka kuti asalondoledwe. Mkazi akabereka, anthu ankangomuitana ndi dzina la mwana wake woyamba mpaka lakelo kuiwalika. Ndiye pali dzina laufumu, limene amalowa mphwake mwiniwake akamwalira. Akakuuzani kuti amfumu akutiakuti ndiwo anawoloka Ruo, ndiwonso anamenya nkhondo ya ku Burma, ndiwonso anagula wailesi yoyamba m'mudzi, dziwani kuti amenewo ndi anthu atatu m'dzina limodzi. Funsani kuti alowa dzinalo ndi angati, ndipo aliyense anali mwana wa mayi uti. Funsaninso kuti ndinu Alhomwe a mbali iti, Amihavani, Amanyawa, Atakhwani, Akokhola, Amarenje kapena Alikhuku, popeza ambiri mwa maina amenewa amaloza phiri, mtsinje kapena dera limene anthuwo anachokera.

Zonse zimene mwamva lembani tsiku lomwelo, ndipo pambali pake lembani amene wanena, tsiku, ndi kuti iyeyo anaona yekha kapena anachita kumva. Lamya zanuzo zimajambula mawu, zigwiritseni ntchito, koma muyambe mwapempha.

Mukatha apo yendani ndi miyendo pamalo penipenipo. Pemphani malume anu akuperekezeni kubwinja kumene mudzi unayambira. Mitengo ya mango ikuluikulu yoima pagulu pakati pa munda siinamere yokha, panali mabwalo a nyumba pamenepo. Mukapalasa pansi mudzapeza mapale, mwina mphero yokumbika pakati chifukwa chopera mapira zaka zambiri. Kumanda musapite nokha, ndiponso musapite osapempha amfumu. Pitani ndi anthu amene amakumba manda m'mudzimo, pakuti iwo amadziwa kuti bere lililonse limagona mbali iti ndi kuti mzere unayambira pati. Manda akale alibe ziliza, chizindikiro chake ndi mtengo kapena mphika wosweka. Tinkhalango tina timene mumationa pakati pa minda ya tiyi, tosiyidwa osadulidwa, ndi manda a midzi imene inasamutsidwa. Ngati akuluakulu akuloza kumeneko, kapempheni chilolezo kwa oyang'anira esiteti mwaulemu, mupite ndi amfumu.

Pano mpamene mungapite ku mapepala, muli kale ndi maina onse a munthuyo, mudzi wake ndi mfumu yake. Kumbukirani kuti boma la atsamunda silinkalemba kubadwa kwa mwana wa munthu wakuda wa kumudzi, choncho musataye nthawi kufuna setifiketi yobadwira. Yambani ndi sutikesi zakale za m'nyumba mwanu momwe: ziphaso za msonkho, makadi a ubatizo, mapepala a ku Wenela, makalata ochokera ku Salisbury, zithunzi zolembedwa kumbuyo. Kenako pitani kutchalitchi. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, ya Chilembwe ku Mbombwe mu 1900, ya Malamulo mu 1902, ya Akatolika ku Nguludi mu 1903, ndipo mipingo inkalemba obatizidwa ndi okwatitsidwa ake. M'buku la ubatizo mumapezeka dzina la wobatizidwa, maina a makolo, mudzi ndi mboni. Yang'anitsitsani mbonizo, chifukwa kawirikawiri ndi abale. Mabuku akale a Akatolika ambiri analembedwa m'Chilatini, moti agogo anu a Yohane mudzawapeza ali Joannes. Ndipo munthu wobatizidwa ali wamkulu, zaka zake ankangoziyerekeza poyang'ana nkhope.

Ku Zomba kuli National Archives of Malawi, nyumba yosungira zolembedwa za boma imene inatsegulidwa mu 1947. Dziwiranitu kuti mu 1919 moto unapsereza ofesi yaikulu ya boma ku Zomba komweko, ndipo mapepala ambiri a zaka zoyambirira anapsera momwemo. Zotsala n'zambiri ndithu: mabuku amene ma DC ankalembamo za mafumu ndi midzi ya m'maboma awo, madandaulo a pakati pa eni maesiteti ndi anthu okhalamo, umboni umene unaperekedwa kwa ofufuza za kuukira kwa 1915, ndi za kafukufuku wa malo wa Sir Sidney Abrahams wa 1946. Fufuzani ndi kalembedwe kakale. Thyolo ankalemba Cholo, Mulanje ankalemba Mlanje, ndipo Phalombe anali mbali ya Mulanje mpaka 1998. Ifeyo mudzatipeza pansi pa dzina lakuti Anguru, dzina lonyoza limene Lewis Bandawe ndi anzake a Lomwe Tribal Society analimbana nalo m'zaka za m'ma 1940. Likupwetekeni mtima, koma musatseke failo, pakuti agogo anu ali momwemo. Ku Blantyre, m'nyumba yakale ya Mandala, muli laibulale ya Society of Malawi yokhala ndi mapu ndi zithunzi zakale. Werenganinso buku la Landeg White la 1987 lonena za Magomero, muone mmene munthu angalumikizire zonena za azimayi a m'mudzi ndi zolemba za boma, komanso buku la moyo wa Bandawe yemweyo, amene anagwira ntchito ya mishoni ku Mihecani, pakati pa Alhomwe a kutsidya, kuyambira 1913 mpaka 1928.

Anyamata ophunzira, inu makamaka, muli ndi chizolowezi chokhulupirira pepala kuposa munthu. Dzifunseni kuti analemba pepalalo ndani, ndipo ankafuna chiyani. Kalaliki wa boma ankafuna msonkho, choncho ankawerenga nyumba. Mwini esiteti ankafuna masiku a ntchito, choncho ankalemba amuna ogwira khasu. Mkazi amene anabereka mwana kumsana kuwoloka mtsinje, amene munda ndi wake, mudzamusowa m'mabuku onsewo. Anthunso ankanamiza olembawo mwadala, kubisa mnyamata kuti asatengedwe tengatenga, kudzitcha Amang'anja kuti asabwezedwe kutsidya. Pepala likasiyana ndi mawu a agogo, musafulumire kuweruza kuti agogo asokoneza. Lembani zonse ziwiri, chilichonse ndi gwero lake, mpaka mutapeza mboni yachitatu. Agogonso amaiwala, ndipo amakometsera a kwawo monga timachitira tonse.

Konzekani kupeza zimene simunayembekezere. Aliyense amafuna kuti kholo lake likhale mfumu kapena mlenje wopha mikango, koma ambiri a ife tinachokera kwa anthu wamba amene anafika ndi khasu ndi mbewu m'kansalu. Palibe chochititsa manyazi pamenepo. Munthu amene anagwira thangata masana, nalima wake munda madzulo ali wotopa, nalera ana mpaka inu kubadwa, sasowa kumuveka ufumu wabodza. Mwina mudzapeza kuti kholo lanu ndilo linali kapitawo wa chikoti uja, amene mabanja ena m'mudzimo amamukumbukirabe ndi mkwiyo. Mwina mudzapeza mkazi amene anachita kugulidwa kapena kugwidwa pankhondo, kapena mwana amene bambo wake anali mwini esiteti wosafuna kutchulidwa. Lembani zoona m'kope lanu, osachotsera. Koma nkhani imene gogo wakuuzani motsitsa mawu si ya pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp la banja. Ana a anthu otchulidwawo alipo, mumatunga nawo madzi pa mjigo umodzi. Kambiranani kaye ndi eni mbumba kuti iti ituluke, iti isungidwe.

Mudzapezanso kuti thengo limene kholo lanu linatema linali bwinja la anthu ena. Amang'anja analima mapiri amenewa kalekale, ndipo ambiri anabalalika ndi nkhondo za ogwira akapolo komanso njala yoopsa ya 1862 ndi 1863. Choncho mukamalemba kuti agogo anga ndiwo anayamba malo ano, onjezerani dzina la mfumu imene inawalandira ndi la anthu amene analipo kale. Ndikunena izi chifukwa ndaona achinyamata akufufuza mbiri ndi cholinga chokalanda munda kapena kukatsutsa ufumu wa mnzawo. Wofufuza ndi mtima wotero amangomva zomukomera, ndipo akuluakulu akamuzindikira amatseka pakamwa, ngakhale kwa ena obwera pambuyo pake ndi mtima wabwino.

Mwina mudzakumana ndi nkhalamba yokana kuti si Mlhomwe pamene amayi ake ankayankhula Chilhomwe m'nyumba. Musaikalipire. Anthu amenewa anakula akusekedwa pasukulu ndi pantchito chifukwa cha chiyankhulo chawo ndi zakudya zawo, ndipo ambiri analeka kuphunzitsa ana awo poganiza kuti akuwateteza. Lero timasonkhana kwa Chonde ku Mulanje pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, tchopa n'kumavinidwa poyera, ndipo ine zimandisangalatsa kwambiri. Komabe mwambo wa gulu sungakuuzeni dzina la mkazi amene anabereka mbumba yanu. Limenelo lili ndi nkhalamba yokanayo, ndipo mudzalimva pokhapokha itaona kuti simukufunsa kuti muiseke.

Mukalemba zonse, kawerengeni pamaso pa abale, pa nthawi yomanga chiliza kapena pamene mbumba yakumana itakolola. Adzatsutsa, adzakangana, wina adzakumbukira mchemwali amene anaiwalika chifukwa anakwatiwa kutali. Konzani pomwepo. Kope limodzi lisiyeni kwa mwini mbumba, lina kwa mwana wamkazi amene akukhala pamudzi, lokulungidwa m'pulasitiki kuopa chiswe ndi kudontha kwa denga, ndipo masamba onse muwajambule mutumizire abale a kutauni ndi a ku Johannesburg.

Otha kupitirira apo awoloke, akaone kutsidya. Koma musanapite funsani funso ili kumudzi: pa nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992 itathamangitsira kuno anthu oposa miliyoni imodzi, ndani anafikira pakhomo panu osapita kukampu? Ambiri mwa amene ankalandiridwa m'nyumba anali abale, zidzukulu za amene anatsala pamene anzawo ankawoloka, ndipo akuluakulu amakumbukira midzi imene anabwererako. Njira yanu iyambire pamenepo. Dzerani pa Muloza kulowa ku Milange ndi mapepala oyenera oyendera, nthawi yachilimwe misewu ya kumidzi ikauma. Tengani munthu wodziwa Chilhomwe ndi Chipwitikizi, ndipo mukafika kaonekereni kaye kwa mfumu ya deralo musanayambe kufunsa m'makomo. Kumeneko adzakufunsani dzina la mkazi amene anawoloka, la mlongo wake, ndi phiri kapena mtsinje umene ankautchula, choncho zitatuzi mupite mutazigwira bwino pamtima.